Mwana akufuna kukhala wozimitsa moto wongodzipereka: nanga adzadya chiyani?

Mayi wina wa ku Blantyre watilembera kuti mwana wawo wamwamuna, yemwe wangolemba kumene mayeso a MSCE, wakakamira zoti akhale wozimitsa moto. Akuti amangokhalira kuonera mavidiyo a ozimitsa moto ongodzipereka a ku America ndipo akufuna kuyamba momwemo. Mayiwo akufunsa ngati imeneyi ndi ntchito yoti munthu n'kudyera, komanso kumene angakaphunzire.

Mayi, mtima ukhale m'malo, mnyamatayo sanasankhe chinthu chopanda pake. Koma pali mbali imene mavidiyowo saonetsa. Ku America ozimitsa moto oposa theka ndi ongodzipereka. Ku Germany alipo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo ku Chile ozimitsa moto a m'matauni salandira malipiro. Onsewa ali ndi ntchito zina zimene zimawadyetsa: wina ndi makaniki, wina mphunzitsi, wina mlimi. Akaitanidwa amasiya zonse n'kuthamangira kusiteshoni, moto ukazima amabwerera kuntchito zawo. Ndiye mumuuze mosapita m'mbali kuti kudzipereka kumamupatsa munthu luso ndi mbiri yabwino, koma sikugula ufa.

Asaganizenso kuti poti salipidwa ndiye kuti maphunziro ake ndi opepuka. M'madera ambiri a ku America wongodzipereka amadutsa maphunziro ofanana ndi a mnzake wolembedwa ntchito, otchedwa Firefighter I ndi Firefighter II, ndipo mapepala omwewa amafunidwa kwambiri ku South Africa. Amayamba ndi kumvetsa moto weniweniwo: umafuna chinthu chopsa, mpweya ndi kutentha, ndipo ukachotsapo chimodzi umazima. N'chifukwa chake mafuta ophikira akayaka mumphika savuta ukawavundikira, koma ukathirapo madzi amaphulikira kumaso. Moto wa magetsi nawo sayamba ndi madzi, amayamba ndi kuzimitsa magetsiwo.

Pomwe ambiri amagwera mphwayi ndi pa phunziro la utsi. Amakuveka chigoba chakumaso ndi silinda ya mpweya kumsana, n'kukulowetsa m'chipinda cha mdima wa ndiweyani. Umakwawa ndi mawondo, dzanja limodzi lisachoke pakhoma, linalo likufufuza pansi ngati pagona munthu. Chimene umamva ndi kupuma kwako kokha. Ukachita mantha umapuma mofulumira, mpweya woti ukanakufikitsa theka la ola n'kutha msanga. Amalimbikira phunziro limeneli chifukwa pamoto wa m'nyumba anthu ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike. Mnyamata wokonda kudzionetsera amavutika pamenepa, chifukwa lamulo lake ndi loti mumalowa awiri n'kutuluka awiri, ndipo wamkulu akati tulukani, mumatuluka osafunsa.

Kuno kwathu dongosolo la masiteshoni a anthu ongodzipereka ngati la ku Germany kulibe. Ntchito yozimitsa moto ili m'manja mwa makhonsolo a mizinda, monga Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, komanso pa mabwalo a ndege a Kamuzu ndi Chileka, pomwe malamulo a ndege salola kuti zitere popanda ozimitsa moto okonzeka. Makampani ena akuluakulu, makamaka osunga mafuta ndi a minda ya nzimbe kapena nkhalango, amakhalanso ndi magulu awo. Malo ake ndi ochepa ndipo satuluka chaka chilichonse. Akatuluka, wokhala ndi MSCE, thupi lolimba, satifiketi ya chithandizo choyamba ndi laisensi ya galimoto zazikulu amakhala patsogolo pa anzake. Laisensiyo musaipeputse, mayi. Ngakhale ntchito ya moto itachedwa, iyo yokha ikhoza kumudyetsa.

Kudzipereka kumene angayambe mawa lomwe kuli ku Malawi Red Cross Society, kumene amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndiponso m'makomiti a m'madera oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene ambiri amawadziwa ndi dzina loti VCPC. Kumeneko kulibe galimoto yofiira yolira sayirini. Kuli kaundula, wezulo, njinga ndi kuyenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu. Ine ndimaona kuti kumeneku n'kumene mnyamata angadziwe ngati amakonda kupulumutsa anthu kapena amangokonda yunifolomu.

Ozimitsa moto amene akhalitsa pantchito sakamba kwambiri za kulimba mtima. Amakamba za kukonzekera. Msika ukapsa usiku timanyoza galimoto ya moto kuti yachedwa kapena yabwera ndi madzi ochepa, koma thanki ya galimotoyo imatha m'mphindi zochepa ngati palibe mpope wa pamsewu wogwira ntchito. Mpopewo mwina unakwiririka kalekale, ndipo njira yolowera mumsika inatsekedwa ndi mabenchi. Laibulale ya pa Mzuzu University itapsa mu Disembala 2015, mabuku ambirimbiri anatha usiku umodzi, ndipo mafunso oyenera kufunsa pamoto wotere ndi a masiku a m'mbuyo: mawaya ankayenderedwa liti, zozimitsira moto zinali kuti, ndani ankadziwa kuzigwiritsa ntchito. Madzi osefukira nawo ndi chimodzimodzi. Napolo wa ku Phalombe wa 1991 ndi amene anachititsa kuti dziko lino likhale ndi lamulo loyamba la ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo lamulo latsopano linadutsa mu 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope a phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kawiri konse lamulo linabwera maliro atachitika kale. Inu a ku Blantyre mukudziwa kuti nyumba zina zinali m'njira ya madzi kwa zaka zambiri anthu akuziona.

Ngati mnyamatayo zotsatira zake zituluke bwino, makamaka masamu, sayansi ndi jogalafe, ayang'ane ku yunivesite ya MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, kumene kuli digiri ya Disaster Risk Management. Omaliza kumeneko amafunsira ntchito ku DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), kumakhonsolo ndi kumabungwe othandiza anthu pangozi. Ngati mapointi akhala okwera, ayambe ndi luso la manja kusukulu za TEVETA, monga zamagetsi, zamipope kapena umakaniki. Wozimitsa moto wodziwa mawaya ndi mapampu amafunika paliponse.

Pa za ku South Africa, chenjerani ndi masukulu amene amatenga ndalama n'kulonjeza ntchito. Funsani kaye ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi boma la kumeneko, ndipo dziwani kuti ntchito za makhonsolo a kumeneko zimayambira kwa nzika zawo.

Podikira zotsatira za mayesowa, apite ku ofesi ya Red Cross ya m'boma lanu akalembetse, ayambe kuthamanga m'mawa uliwonse, ndipo tsiku lina apite yekha kusiteshoni ya ozimitsa moto akapemphe kucheza ndi mkulu wa pamenepo. Akamufunse za mashifiti a usiku, za malipiro, ndi za masiku amene amafika pamalo munthu atatisiya kale. Akabwerako mukhale naye pansi mumve ngati akufunabe, ndipo pamenepo mpamene mungayambe kusunga ndalama ya laisensi.