Tifunseni: Ma questionnaire a ana anga ndiwawerengere bwanji?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS ina kuno ku Namwera, Mangochi. Teremu yathayi ndinasiya zongolembetsa manotsi, ana a Fomu 2 ndimawaika m'magulu azikambirana ndi kuchita timasewero. Potsekera ndinawapatsa pepala la ziganizo 10, pachilichonse achonge yankho limodzi mwa asanu, kuyambira "ndikugwirizana nazo kwambiri" mpaka "sindikugwirizana nazo olo pang'ono". Mapepala angokhala mu katoni ndipo ahedi akufuna lipoti. Ndiwerengere bwanji kuti ndidziwe ngati njirayi ikuthandiza? Mphunzitsi, Namwera.

YANKHO: Aphunzitsi, sikelo mwagwiritsa ntchitoyo ndi ya Likert, anaiyambitsa Rensis Likert ku America mu 1932, ndipo masamu ake ndi osavuta. Kugwirizana kwambiri ndi 5, kumatsika choncho mpaka 1, ndiye pa ziganizo 10 mwana apeza pakati pa 10 ndi 50. Pomwe sanachonge musaikepo 0, pasiyeni choncho.

Koma musanaphatikize werenganinso ziganizo zanuzo chimodzichimodzi. Ngati pali chonga "ndimachita manyazi kuyankhula Chingerezi pagulu", mwana amene wachonga 5 pamenepo sakukuyamikirani ayi, akudandaula. Zoterezi muzitembenuze kaye, pa 6 chotsanipo nambala wachongayo, 5 isanduka 1, 4 isanduka 2, 3 ikhala momwemo. Mukaiwala zimenezi totala yonse yaonongeka ndipo simudziwa nkomwe.

Ineyo totala sindimaikhulupirira kwenikweni. Tiyerekeze theka la kalasi lachonga 5 theka lina 1, avereji ibwera 3 ngati kuti ana alibe nazo ntchito, chonsecho kalasi yagawikana pakati, ena akusangalala ena akuvutika. Ndiye pa chiganizo chilichonse werengani kuti achonga 5 ndi angati, 4 angati, mpaka pansi, pa kope kapena mu Excel ngati laputopu ilipo. Ngati mapepala akuonetsa, patulani a atsikana ndi a anyamata, paja m'magulu muja nthawi zambiri oyankhula amakhala omwewomwewo. Komanso kwanuko ana ambiri kunyumba ndi Chiyao, Chichewa chachiwiri, Chingerezi chachitatu, nde mwana atha kuchonga kuti amakonda zokambirana chifukwa choti inu mukangotembenuka gulu lonse limalowa m'Chiyao.

China, ana athu sakonda kutsutsa aphunzitsi, makamaka ngati analemba maina kapena munatolera nokha. Mupeza pepala lina ndi 5 kuyambira pamwamba mpaka pansi, olo pa chiganizo cha manyazi chija, ameneyo sanawerenge, liikeni pambali ndipo mu lipoti munene kuti otere analipo angati. Ulendo wina asalembe maina, atolere mphunzitsi wina, ndipo ziganizozo aziwerengere mokweza m'Chichewa kapena m'Chiyao.

Kwa ahedi musakalembe kuti njirayi yakweza Chingerezi, pepalali likungokuuzani mmene ana akumvera. Zoti aphunziradi zimafuna mayeso, amodzi poyamba teremu ena ofanana nawo potsekera, ndipo ngati pali Fomu 2 ina yomwe ikuphunzirabe mwakale, nayonso ilembe omwewo muyerekeze. Panopa tengani malikisi a teremu yathayi ndi a teremu ya m'mbuyo mwake muwaike pambali pa zomwe achongazo, poti JCE ya MANEB sidzawafunsa ngati timasewero tinkawasangalatsa.