Funsani Makaniko: Kodi mchenga ndiwo waononga galimoto yanga?

Funso: Ndikukonzanso Peugeot 404 ya malemu bambo anga. Ndinaipereka kuti aichotse penti poipopera mchenga, koma yabwerako ili ndi timabowo m'munsi mwa zitseko, ndipo boneti yake yachita mafunde. Kodi wopopera uja ndiye wandionongera? (Wowerenga wa ku Zomba)

Yankho: Bambo, musanakamudzudzule, musiyanitse kaye mavuto awiriwa, chifukwa magwero ake si amodzi.

Timabowo ta m'zitsekoto si mlandu wake. Madzi a mvula amatsikira m'kati mwa chitseko kudzera m'mbali mwa galasi, ndipo mabowo otulutsira madziwo akatsekeka ndi matope, dzimbiri limadya chitsulo kuchokera m'kati mpaka kutsala penti yokha. Mchenga wangovundukula zomwe zinalipo kale. Pamenepo pafunika kudula n'kuwotcherera chitsulo chatsopano, osati kumata fila, phala lotsekera mabowo ndi kusalaza chitsulo.

Za boneti ndiye zifunika diso. Chitsulo chake n'chopyapyala, pafupifupi milimita 1 kapena kucheperapo, ndipo mchenga wothamanga ndi mphepo yamphamvu umachimenya ngati tinyundo tambirimbiri, n'kuchitambasula mbali imodzi. Itsegulani muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza zipsera za nyundo, mkuwa wowotcherera kapena mabowo omwe anabowola pokoka chitsulo, dziwani kuti galimotoyo inachitapo ngozi kale ndipo fila ndiye ankabisa. Koma ngati kunsiko kuli bwinobwino, mafundewo ali otakata, pakati pa zitsulo zolimbitsa boneti, ndiponso mukadina ndi chala chitsulocho chikulowa n'kubwerera chokha, pamenepo ndinganene mosakayika kuti wopoperayo anawonjeza mphepo kapena anakhalitsa malo amodzi. Kuti muone bwino pokwera ndi potsika, thirani pulaimala (penti yoyambirira ya pansi), muwaze penti yakuda pang'ono, kenaka mukhule ndi sandipepa womata pa thabwa lalitali; pomwe patsale pakuda ndiye polowa.

Mbali zomwe simunachotse penti muziyese ndi maginito, popeza sagwira bwino pomwe pali fila wokhuthala. Denga lokha musalole kuti alipopere mchenga, ndipo ndikunenetsa chifukwa kuliwongola n'kovuta kuposa boneti. Mchenga wa kumtsinje ulinso ndi fumbi loyambitsa silicosis, matenda a m'mapapo osachiritsika, n'chifukwa chake amisiri ambiri amasankha galasi loperapera kapena soda. Chitsulo chomwe chili poyeracho chithireni pulaimala ya epoxy msanga, chifukwa kukakhala chinyezi chimayamba dzimbiri tsiku lomwelo.