Wa ku Canada mtima wake uli pa chikho china

Achimwene, mwafunsa kuti zikutheka bwanji kuti mnzanu wa ku Canada sakutekeseka ndi World Championship ya hockey ya pa ayezi, pomwe wa ku Latvia amachita kupempha tchuthi kuntchito kuti aonere. Musaganize kuti wa ku Canadayo saikonda hockey. Amaikonda zedi, kungoti mtima wake uli pa Stanley Cup, chikho cha NHL, ligi yaikulu ya makalabu a hockey a ku Canada ndi America.

Nkhani yagona pa mwezi wa May. Bungwe la IIHF, loyendetsa hockey ya pa ayezi padziko lonse, limachititsa World Championship chaka chilichonse mu May, nthawi yomwe matimu a NHL ali kalikiliki kulimbirana Stanley Cup mpaka June. Ndiye osewera a NHL amene amabwera ndi okhawo omwe matimu awo atuluka kale, ndipo enanso amakana poti atopa kapena avulala. Mumadziwa mmene makalabu a ku England amadandaulira AFCON ikagwa mu January. Kusiyana kwake n'kwakuti makalabu a mpira amakakamizika kumasula osewera, pomwe timu ya NHL yomwe ikadali m'chikho simasula munthu.

Palinso chilonda chakale. Kwa zaka zambiri osewera olipidwa sankaloledwa, koma Soviet Union inkabweretsa akatswiri ake enieni, ambiri atalembedwa ngati asilikali. Canada inakwiya n'kusiya mipikisanoyi mu 1970, ndipo inabwerera mu 1977. Kuchokera apo, kwa iwo mpikisano ndi umene akatswiri onse alipo. Akuuzani za chigoli cha Paul Henderson pomwe Canada inagonjetsa Soviet Union ku Moscow mu 1972, cha Sidney Crosby pa Olympics ya ku Vancouver mu 2010, kapena cha Connor McDavid pa mpikisano wa mayiko anayi wa 4 Nations Face-Off mu 2025. Komanso amatsatira kwambiri World Juniors ya anyamata osakwana zaka 20, chifukwa imayamba pa 26 December mabanja ali pamodzi pa Khirisimasi.

Ku Ulaya ndi nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe ine mtima umandigunda. Latvia ndi dziko la anthu osakwana 2 miliyoni. Mu 2023 inagonjetsa America 4-3 mu nthawi yowonjezera ku Tampere, m'dziko la Finland, n'kutenga mendulo ya bronze, yoyamba m'mbiri yake. Usiku womwewo Nyumba ya Malamulo inalengeza kuti mawa lake, Lolemba, ndi tchuthi cha dziko lonse. Chifukwa cha nambala yachitatu! Finland mpaka lero imakumbukira 1995, pomwe inatenga chikho koyamba pothambitsa Sweden 4-1 pakwawo ku Stockholm. Mu 2024 David Pastrňák wa ku Czech Republic, timu yake ya Boston Bruins itangotuluka mu Stanley Cup, anakwera ndege kupita ku Prague n'kukachinya chigoli choyamba pa fainolo yomwe Czech Republic inapambana Switzerland 2-0. Anthu pafupifupi 800,000 analowa m'mabwalo pa mpikisano umenewo.

America nayo inatenga chikhochi mu 2025 ku Stockholm, koyamba chichokereni 1933 tikapatula Olympics ya 1960 yomwe inkawerengedwanso ngati World Championship, koma kwawo chisangalalo sichinafike n'komwe pa cha ku Riga, likulu la Latvia.

Ine ndili mbali ya wa ku Latvia. N'zoona akatswiri ena amasowa, koma mayiko 16 amakumana chaka ndi chaka, ndipo dziko laling'ono limapeza mpata wogwetsa chimphona. May akubwerayu pitani mukaonere limodzi ndi mnzanu wa ku Latviayo, makamaka zikachitika kuti timu yake ikukumana ndi Canada.