Masiki yoyenera popaka vanishi pa boti

Achimwene, mwafunsa ngati masiki ya N95 imene inakutsalirani nthawi ya Covid-19 ingakutetezeni pamene mukupaka vanishi pa boti la pulayiwudu limene mukukhoma m'galaja mwanu, poti mukuti mukamaliza kupaka mutu umakuwawani ndipo mumamva chizungulire. Masiki imeneyo, ngakhalenso ya nsalu, siingakutetezeni pa ntchitoyi, ndipo mutu ukuwawawo ukusonyeza kuti mankhwala akulowa kale m'thupi mwanu.

N95 inapangidwa kuti igwire fumbi ndi timadontho, choncho ndi yothandiza pocheka matabwa ndi pokwecha ndi sandipepa. Koma fungo la vanishi limachokera ku thinala ndi mankhwala ena osungunulira monga xylene ndi white spirit, amene amauluka n'kusakanikirana ndi mpweya, ndipo amadutsa pa masiki yoteroyo popanda chowatsekereza. Chimene mukufunika ndi masiki ya labala yophimba mphuno ndi kamwa, yokhala ndi masefa awiri omangirira m'mbali, amene mkati mwake muli makala okonzedwa mwapadera kuti aziyamwa mankhwalawo.

Pogula, werengani zilembo za pa sefa, osangodalira mawu a wogulitsa. Masefa otsatira muyezo wa ku Ulaya wa EN 14387, umene katundu wochokera ku South Africa amautsatiranso, amakhala ndi chilembo A pa mzere wa bulawuni ngati ali a mankhwala a penti ndi vanishi, ndiponso P3 pa mzere woyera ngati amagwiranso fumbi losalala kwambiri. Ine ndingakulangizeni yolembedwa A2P3, chifukwa womanga boti amapaka lero n'kukwecha mawa, ndipo sefa imeneyi imagwira ntchito zonse ziwiri. Za ku America zimasiyana mitundu: ya mankhwala ouluka imakhala ndi mzere wakuda, pamene ya fumbi imalembedwa P100. Dziwaninso kuti acetone, amene ambiri amatsukira zida zopakira guluu wa epoxy, amawira pa madigiri 56, pomwe sefa ya A ndi ya mankhwala owira pamwamba pa madigiri 65, ndiye kuti iye amafuna sefa ya AX.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mtundu wa vanishi amene mwagula. Ngati ali wa chitini chimodzi, kawirikawiri zimene ndanenazi zimakwanira. Koma ngati ali wa polyurethane wosakaniza zitini ziwiri, chitini chaching'onocho chili ndi mankhwala a isocyanate, amene ndi amodzi mwa zinthu zodziwika kwambiri zoyambitsa mphumu kwa anthu opopera penti. Kuopsa kwake n'kwakuti amatha kuvulaza mapapo mphuno isanamve fungo lililonse, ndipo thupi likangoyamba kudana nawo, ngakhale kachigawo kochepa kamadzutsa chifuwa chobanika kwa zaka zambiri, mwinanso moyo wonse. Vanishi wotereyu musamupopere ndi makina m'galaja, chifukwa opopera mwaukatswiri amavala chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi, ndipo sefa ya makala siilowa m'malo mwa chigoba chimenecho. Pakani ndi bulashi kapena rola, mutavala masiki yanu ndi magolovesi a nitrile, pamalo popita mphepo. Ngati pulayiwudu mwaimata ndi epoxy, musaikweche isanaumiretu, popeza fumbi la epoxy yosauma bwino limayabwitsa khungu ndi kupweteka njira za mpweya.

Masiki yabwino imakhala yopanda ntchito ikapanda kugwira nkhope. Ndevu, ngakhale zongomera masiku ochepa, zimasiya mpata m'mphepete mwa labala, choncho metani musanayambe. Mukaivala, tsekani masefa onse ndi zikhatho n'kukoka mpweya pang'onopang'ono. Labalayo iyenera kukokekera mkati n'kumamatira kumasaya, ndipo mukamva kamphepo kakulowa pafupi ndi mphuno, kokaninso zingwe. Mukaweruka, chotsani masefa n'kuwatsekera m'pulasitiki yosalowa mpweya, chifukwa makala aja amapitiriza kuyamwa fungo la m'galaja usiku wonse mpaka kudzaza. Mukayamba kumva fungo la thinala muli chivalire, sefayo yatha kale ndipo muitaye, ngakhale ikuoneka yatsopano kunja kwake.

Mpweya wa thinala ndi wolemera kuposa mpweya wamba, motero umatsikira pansi n'kudikha m'mimba mwa boti, momwe inu mumaweramiramo popaka nthiti zake. Ngati n'kotheka, tulutsani botilo mukapakire pansi pa shedi yopanda makoma, m'mawa dzuwa lisanakwere, makamaka miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala pamene mankhwalawa amauluka msanga. Mbaula, ndudu ndi chopukusira chotulutsa nthethe zikhale kutali, ndipo ana asasewere pafupi.

Ena akuuzani kuti mukamwe mkaka mukamaliza kuti utsuke m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, pomwe mankhwalawa alowera m'mapapo n'kupita m'magazi, choncho palibe chimene ungachotse. Mukaona kuti mukutsokomola kapena kubanika usiku wa tsiku limene mwapaka, siyani kaye ntchitoyo, mujambule chizindikiro cha pa chitini ndi foni yanu, ndipo mukaonetse dokotala kuti adziwe mankhwala amene mwakhala mukupuma.