Ayambe Wabweza Jombo

Achimwene, mwafunsa kuti kodi msilikali amene adakali pa ntchito angadzudzule Pulezidenti poyera, pa Facebook kapena pa wailesi, poti nayenso ndi Mmalawi. Mwatinso mphwanu wina wa yunifomu zala zikumuyabwa, akufuna kulembako zake. Ndaona ambiri akuyankha kuti alembe basi, ufulu ndi wa tonse. Ine ndikuti ayi, ndipo mundipirire chifukwa nditalikitsa.

Ndine mwana wa msilikali. Bambo anga anapumira ntchito ku Cobbe Barracks kuno ku Zomba ali sajeni. Lamlungu madzulo ankakhala pakhonde, jombo pabondo, kachitini ka polishi pambali, wailesi ikunena nkhani. Akamva zowakwiyitsa sankatulutsa mawu, inu mumangoona bulashi ikuthamanga kuposa poyamba. Matipate atabwera aliyense anamasuka pakamwa, ndiye tikapita kumsika anthu owadziwa ankawaputa dala kuti, "A sajeni, boma ili mukuliona bwanji?" Iwo amvekere, "Koma matemba a ku Chilwa adulatu chaka chino, eti?" Ndili mwana ndinkati ndi mantha. Nditakula ndinawafunsa, ndipo anangoti mfuti imene ankanyamula sinali yawo, inagulidwa ndi msonkho wa amene anavotera Pulezidenti ndi wa amene sanamuvotere.

Mphunzitsi akanena kuti mtsogoleri walephera, timati ndi maganizo ake, ena amavomereza ena amatsutsa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawu omwewo akatuluka m'kamwa mwa kapiteni, palibe amafunsa ngati akunena zoona. Aliyense amayamba kudzifunsa kuti kumbuyo kwakeko aliko angati, nanga akonza chiyani. Kunena zoona, gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu woyankhula kwa aliyense. Koma malamulo omwewo ndi amene anaika Pulezidenti kukhala mkulu wa asilikali onse, ndipo gawo 160 linapatsa asilikali ntchito yoteteza dziko ndi ulamuliro wotsata malamulowo. Chipani sichikutchulidwamo.

Komanso mukatsegula chitseko cha kudzudzula, cha kuyamika mwatsegulanso. Mphwanuyo akalemba kuti Pulezidenti ndi wolephera, mnzake wogona naye nyumba imodzi adzalemba kuti ndi mpulumutsi. Mmene ndale zathu zimayendera m'zigawo ndi m'mitundu mukudziwa nokha. Ndiye anthu awiriwa mawa muwapatse zipolopolo apite limodzi kumalire? Anthu a mfuti okhala ndi chipani tinawaonapo m'dziko muno, anali apayoniya. Anachita kulandidwa zida mu Disembala 1993 pa Operation Bwezani, atawombera asilikali ku Mzuzu. Chimene ine ndimagoma nacho pa nkhani imeneyi n'chakuti asilikaliwo atamaliza anabwerera kumalo awo. Akanafuna kulanda boma palibe akanawaletsa, koma anasiya anthu wamba akavote okha pa 17 Meyi 1994.

Tsono pali chinthu chimene oyankha ambiri akusokoneza. Kukhala chete pa ndale n'kosiyana ndi kumvera lamulo lililonse ngati nkhosa. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012, panali anthu amene sankafuna kuti mayi Joyce Banda atenge mpando, poti anali atachotsedwa m'chipani cholamula. Mkulu wa asilikali panthawiyo, General Henry Odillo, sanapite pa wailesi kukanyoza munthu. Anangoima pa zimene malamulo akunena, ndipo pa 7 Epulo mayiwo analumbira. Mu 2019 zionetsero zija za zisankho za Tippex zitavuta, asilikali ndi amene ankayenda m'mbali mwa anthu m'misewu kuti pasakhetsedwe magazi, mpaka khothi linafafaniza zisankhozo pa 3 Febuluwale 2020. Mwezi wotsatira General Vincent Nundwe anachotsedwa pa udindo wa mkulu wa asilikali, n'kudzabwezeretsedwa mu Seputembala boma litasintha.

Tayerekezani kuti asilikali amenewo anakhala chaka chathunthu akutukwana Pulezidenti pa Facebook. Tsiku loperekeza zionetsero likanafika, theka la dziko likanati awa ndi asilikali a otsutsa, ndipo sakanalakwitsa kwenikweni. Anthu a mbali zonse anawapatsa njira chifukwa sankadziwa kuti mnyamata ali pagalimotoyo anavotera ndani. Ulemu umenewo anausonkhanitsa pang'onopang'ono ndi kuugwira mtima kwa zaka zambiri, ndipo suchedwa kutayika.

Si kuno kokha. Ku America, kumene anthu amanyoza mtsogoleri wawo mmene angafunire, General Stanley McChrystal anachoka pa udindo wotsogolera nkhondo ku Afghanistan mu 2010 magazini ina itasindikiza mawu achipongwe amene iye ndi anyamata ake ankanena za akuluakulu a boma la Obama.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti wakutsina khutu ndi mnansi, nanga msilikali zikamuwawa akalire kuti? Funso limeneli ndiye limandipweteka, chifukwa amene amafa ndi iwowo. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anaphedwa pafupi ndi Beni ku DRC. Mu Januwale 2025 enanso anaphedwa kum'mawa kwa dziko lomwelo, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Chakwera analamula kuti ayambe kukonzekera zobwerako. Munthu amene wanyamula bokosi la mnzake ali ndi zambiri mumtima, sindingamuuze kuti alibe chonena. Njira yake ilipo, dandaulo limakwera kudzera kwa akuluakulu ake, ndipo ku Nyumba ya Malamulo kuli komiti yoona za chitetezo. Koma tisanamizane, njira imeneyi imayenda bwino pokhapokha mkulu wa asilikali akamatha kuuza Pulezidenti zowawa kuseri popanda kuopa kalata, chonsecho womulemba ndi womuchotsa ndi Pulezidenti yemweyo. Apa ndiye pamene ine ndi inu tiyenera kupangira phokoso. Ife sitinalumbire kanthu. Tikhoza kufunsa phungu wathu za malipiro a asilikali, za zida zimene amapita nazo kunkhondo, za amayi amasiye otsala ndi ana. Atolankhani, mipingo ndi asilikali opuma angathenso kunena. Timangowakumbukira madzi akasefukira ngati nthawi ya Freddy mu 2023, akamafukula anthu m'matope, kenako zii.

Mphwanuyo mumuuze kuti akalemba, amene adzagawane zimene walembazo sadzamuperekeza kukhothi la asilikali. Andale adzamuombera m'manja sabata imodzi kenako n'kupeza nkhani ina, iye atataya ntchito. Voti ali nayo ndipo m'kachipinda kovotera mulibe sajeni.

Bambo anga alipo, amakhala ku Chinamwali. Chivulireni yunifomu anzawo a pabawo anatopa nawo, palibe Pulezidenti amene sanamuweruzepo. Dzulo ndinawawerengera funso lanuli pafoni. Anakhala kaye chete, kenako anati, "Ngati pakamwa pakumuyabwa, ayambe wabweza jombo." Atatero anayamba za mtengo wa feteleza, mpaka nsima inazizira.