Kodi wophunzira psychology aleke kumenyera chilungamo?

Sabata yatha ndidalandira imelo kuchokera kwa mtsikana yemwe ali m'chaka chachiwiri cha psychology (maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu) ku yunivesite, ndipo wandilola kuyankha poyera. Akuti adasankha maphunzirowa ataona mmene anthu ankasalira achimwene ake atadwala matenda a maganizo. Pano ali m'gulu lomenyera ufulu wa odwala otere, ndipo pamisonkhano amafotokoza zomwe banja lawo lidakumana nazo. Koma mphunzitsi wina wamuuza kuti katswiri sakondera mbali. Akufunsa ngati n'koyenera kuti asiye.

Achemwali, musasiye ayi. Koma mawu a mphunzitsiwo musawataye onse.

Akatswiri a phunziro lanuli adayamba kalekale kulowerera pa nkhani za chilungamo. M'zaka za m'ma 1940, Kenneth Clark ndi mkazi wake Mamie ankaonetsa ana achikuda a ku America zidole zoyera ndi zakuda, n'kuwafunsa kuti chabwino n'chiti. Ambiri ankaloza choyera. Mu 1954, pamlandu wa Brown v. Board of Education, khoti lalikulu la dzikolo lidatchula ntchito ya Clark pogamula kuti kupatula ana m'masukulu potengera khungu n'kuphwanya malamulo. Mkwiyo a Clark anali nawo ndithu, koma chomwe chidafika pamaso pa oweruza ndi umboni.

Winanso ndi Ignacio Martín-Baró, wansembe komanso katswiri wa psychology ku El Salvador. Iye ankaphunzitsa kuti mantha ndi kusweka mtima kwa anthu a kumeneko zimachokera ku nkhondo ndi kuponderezedwa, osati m'mutu mwa munthu payekha. Ankafunsa anthu wamba maganizo awo mwa kafukufuku, n'kufalitsa zomwe apeza. Pa 16 Novembala 1989 asilikali adamupha pamodzi ndi ansembe anzake asanu, mayi wina wogwira ntchito ndi mwana wake wamkazi. Sindikuti mukafe, koma taonani kuti ngakhale iyeyu chida chake chinali kufunsa ndi kumvetsera.

Nanga mphunzitsi wanu akulondola pati? Pa kafukufuku, zikatuluka zotsutsana ndi zomwe gulu lanu limalalikira, mudzalembe momwemo. Ndipo m'chipinda cha uphungu, munthu wakhala patsogolo panuyo sadabwere kudzakhala chitsanzo cha kampeni yanu.

Apa ndiye ndidapsa ine. Ndikadali wophunzira, ndidafotokoza pamsonkhano nkhani ya mayi wina yemwe adandiululira za nkhanza za mwamuna wake. Dzina ndidabisa, ndikudziona ngati wochenjera. Anthu adaomba m'manja. Koma m'chipindamo mudali wina yemwe adazindikira kuti ndikunena ndani, ndipo mayiyo sadandilankhulenso. Mpaka lero ndikakumbukira, manyazi amandigwira. Kuchokera pamenepo ndimayendera mawu aja akuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini vuto alankhule yekha, ngati akufuna. Ntchito yanga n'kumuperekeza, kumusonkhanitsira umboni, kumulembera kalata akandipempha.

Sankhaninso nkhani imodzi. Herbert Freudenberger, yemwe adatchukitsa mawu akuti burnout mu 1974, adaona kutheratu mphamvu kumeneku pa anthu odzipereka pa chipatala chaulere ku New York, anthu amtima wabwino ngati inuyo. Mukati muthamangire chisalungamo chilichonse chomwe mwaona pa Facebook, digiriyo simudzaimaliza.

Za achimwene anuzo, n'chifukwa chomveka choyambira, ndipo musachite nacho manyazi. Chenjerani chabe kuti musamaone iwowo pa wodwala aliyense, pakuti ena adzafuna zomwe achimwene anu sakadafuna. Koma pali chimodzi chomwe imelo yanu sidanene: kodi iwo eni akudziwa kuti matenda awo amatchulidwa pamisonkhano? Ngati sakudziwa, musanapite ku msonkhano wina kakhaleni nawo pansi muwafunse. Akakana, mupeze china chonena.