Nseru ikakhalitsa, musangoti ndi sadza ya kuno

Abale amene mwangofika kumene ku Harare, makamaka inu odwala shuga, tamverani. Masabata oyamba mimba imavuta ndithu, madzi ndi achilendo, ufa ndi wachilendo. Koma ngati nseru yatha miyezi, mukukhuta mutangodya nthongo zochepa, ndipo madzulo mukusanza chakudya cha m'mawa chisanagayike, pitani kuchipatala. Pali matenda otchedwa gastroparesis: chifu chimachedwa kutsitsira chakudya m'matumbo ngakhale palibe chotsekereza. Shuga wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha yoyendetsa chifu, koma matendawa amagwiranso anthu opanda shuga. Mankhwala opha ululu a tramadol ndi codeine, komanso jakisoni wa shuga wa Ozempic, nazonso zimachedwetsa chifu, choncho musawabise madokotala zimene mukumwa.

Yambirani ku kiliniki ya khonsolo, kaya ku Mbare, Mabvuku kapena Highfield, akupatseni kalata ya ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena Sally Mugabe. Buku lanu lakuchipatala lochokera kumudzi musalisiye. Madokotala amayamba aona m'chifu ndi kakamera, kuopa kuti mwina ndi chilonda kapena chotupa. Kuyeza kotsimikizira n'koona chakudya chotsala m'chifu pakatha maola 4. Chikaposa 10 peresenti, chifu chikuchedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala a matendawa otchedwa metoclopramide. Amathandizadi nseru, n'chifukwa chake anthu amangogawana ngati panado. Koma mu 2009 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza kuti kumwa kupitirira masabata 12 kungachititse milomo, lilime ndi nkhope kumangogwedezeka zokha, mwina mpaka kalekale. Mankhwala ena a matendawa nawonso ali ndi mavuto ake: domperidone amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima. Erythromycin mphamvu yake imachepa pakangopita masabata ochepa. Zonsezi alembe ndi dokotala.

Pa kadyedwe ndiye pali ntchito, poti ife timakhulupirira kudya kamodzi n'kukhuta kenako kuthamangira kombi. Idyani pang'onopang'ono, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Zonona, tchipisi, maputi, nyemba ndi mapesi a covo (ndiwo zamasamba za kuno) zimakhalitsa m'chifu. Kafukufuku wa ku Sweden wa 2014 anapeza kuti odwala shuga amene ankadya zakudya zofewa zophwanyika mosavuta anaona nseru ndi kusanza zikuchepa. Ndiye phala losalala, mbatata yophwanya, maungu, mazira, nsomba. Mukadya musagone msanga, yendaniyendani.

Inu obaya insulin, dziwani kuti shuga amatha kutsika mukangobaya chakudya chikadali m'chifu, n'kudzakwera mochedwa. Kakambiraneni ndi adokotala za nthawi yobayira. Ndipo mukamasanza ngakhale madzi, musadikire kuti kuche.